Tiyi wa Lachisanu Loyera

Mtembowo unalibe bala, unalibe chotupa, ndipo m'kamwa munalibe fungo lililonse. Nilza anauyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kubwezeretsa chitenje chimene anaufunditsa. Pa zaka zimene wakhala akufufuza milandu ku Metangula anali atazolowera obayidwa pamowa ndi omira m'nyanja. Koma nkhalamba yogona mwaulemu chonchi inkamusowetsa pogwira.

"Mwandiitanira chiyani, a Dotolo? Munthu wa msinkhu uwu kumwalira ndi nkhani?"

Dotolo Albino anali asanagone, maso ali psuu. Anakhala pampando n'kupukusa mutu.

"Awa ndi a Mwalimu Timoteo, otsogolera mapemphero kutchalitchi cha mishoni yakale, mbali ya ku Lunho. Anali ndi matenda a shuga, ndipo ndinkawaona ndine. Dzulo abwera nawo pa boti ali chikomokere. Kuyeza magazi, shuga watsikiratu pansi. Ndaika diripi ya shuga, wakwera. Posachedwa wagwanso. Ndaika ina, chimodzimodzi. Takhala tikukokana choncho mpaka m'bandakucha, andipulumuka."

"Dzulo linali Lachisanu Loyera. Anthu a kumishoni sadya tsiku limenelo. Si njala imeneyo?"

"Njala payokha singachite zimenezi." Dotoloyo anatulutsa kapiritsi koyera m'thumba n'kukaika padzanja. "Awa ndi glibenkalamida, amene ndinkawapatsa. M'kapamba mwa munthu muli timakomo ting'onoting'ono todutsira mchere wina wotchedwa potaziyamu. Mankhwalawa amatseka timakomo timeneto, ndiye kapamba amatulutsa insulini, insuliniyo n'kuchotsa shuga m'magazi. Alipo ena otseka timakomo ta mumtima, ochizira mtima wogunda mosalongosoka, koma amenewo kuno saoneka. Vuto la awa n'lakuti safunsa ngati wadya kapena ayi. Akatseka, atseka basi. Ukamwa m'mimba muli pululu, amakudya iweyo."

"Iwo ankadziwa?"

"Ndinawauza iwo ndi akazi awo, osati kamodzi ayi: tsiku losala kudya, mankhwala asamwe. Zaka zonsezi akhala akumvera. Koma mmene shuga amagwera usiku wathawu, m'thupi umu munalowa mapiritsi, ndipo osati limodzi. Achibale sindinawauze kanthu. Ndinati ayambe amva apolisi."

Panja, Nilza anakumana ndi Zeca, mwana wamwamuna wa malemuwo, chimnyamata cha mapewa a msodzi. Anzake anali kalikiliki kumanga bokosi.

"Senyora, musadzivute ndi mafunso," anatero Zeca asanafunsidwe n'komwe. "Dotolo akaitana apolisi ndiye kuti munthu waphedwa. Wakupha tikumudziwa, ndi mkazi wawo uja. Ingotipatsani maliro athu tizipita, zinazo tikathana nazo kumudzi."

Nilza anayang'ana kumbali. Maso ake anali pa zigubu ziwiri za petulo zimene Zeca anali atagula. Iyeyo anakulira m'mbali mwa nyanja yomweyi, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti paulendo wa paboti wopita ku Lunho chigubu chimodzi chimakwana n'kutsalako.

* * *

Msewu wa ku Lunho, abale, musaufunse. Nilza anatsika panjinga yamoto fumbi lili mpaka m'mano, msana ukuwawa ngati wapunthidwa. Shefe wake kupolisi anali atamuuza mwachidule: akamutenge mkazi wa malemuyo, abwere naye kuselo, zina zikaonekera komweko. Koma mkazi akachoka pamudzi atakwera njinga ya polisi, mlandu wake ndiye kuti wagamulidwa kale. Ngakhale khoti lidzamumasule, kwawo sadzapondakonso. Kumusiyanso kunali kumupereka kwa Zeca. Mwera unali utayamba kuwomba, ndipo boti lopita kumpoto mwera umachita kulikankha.

Kuseri kwa tchalitchi, patsinde pa mango, amayi anali atakhala pansi osaimba, osalira. Anyamata anali atatsamira khoma. Pakhomo la vesitiri, kachipinda kosungiramo mikanjo ya kutchalitchi, panali kankhalamba kafupi katakhala pa chitsa, dzanja lili m'thumba.

Mayi wina wamtali, duku lakuda kumutu, anaimirira n'kutsekereza njira.

"Mwabwera kudzamutenga? Mwachedwatu. Ine ndine Joaquina, mwana woyamba wa malemu. Mverani bwino, chifukwa sindibwereza."

"Ndikumva, mayi."

"Chimwalirire amayi athu, bambo ndinkawasamala ndine. Kenako kwatulukira uyu Rakele, wobadwira kumsasa wa othawa kwawo ku Malawi nthawi ya nkhondo, msinkhu wa mng'ono wanga, ati ndizimutcha mayi. Chabwino, ndinameza. Koma Lachinayi madzulo ndinamuona ndi maso angawa akuchotsa mankhwala a bambo patebulo n'kuwamanga kunsonga ya chitenje. Munthu wodwala, mawa lake sadya tsiku lonse, iwe n'kumubisira mankhwala! Ndikumufunsa, ati, 'Zimenezi n'za m'nyumba mwanga.' Ine amene, kundiyankha choncho!"

"Nanga dzulo?"

"Bambo atagwa, iyeyo liwiro kunyumba, n'kubwera ndi zaufa zoyera m'manja, akufuna kuwapaka m'kamwa anthu onse akuona. Ndinamumenya dzanja, zonse mbwee pansi. Kufuna kumalizitsa munthu pamaso pa ana ake!"

"Eee, tinaona," amayi aja anavomerezana chapansipansi.

Kankhalamba kaja, amene anali a Tomasi oimba belu, anatsegula chitseko pang'ono, Nilza n'kulowa. Anali iwowo amene anamutsekera Rakele mmenemo dzulo lake, poona kuti a Padre ali ku Maniamba ndipo palibe wina woletsa anthu.

Rakele anali atakhala pansi pakati pa mikanjo yopachika, miyendo atatambasula. Tsaya limodzi linali lotupa.

"Zaufa zimene munafuna kuwapaka zinali chiyani?" anafunsa Nilza, osapereka ndi moni.

"Shuga."

"Shuga?"

"Dotolo anandiphunzitsa. Akayamba thukuta ndi kubwebweta, apakeni shuga m'nkhama."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinakuwa. Anali atandigwira kale manja."

Rakele anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa kathumba ka pulasitiki. Nilza anawerengera mapiritsiwo potsata tsiku limene dotolo analemba pakathumbapo. Palibe limene linasowa.

"Ndinabisa chifukwa abambo akadzuka dzanja limangopita patebulo lokha, osaganiza. Anandiuza okha kuti ndichotsepo."

"Ndiye a Joaquina atakufunsani, chinavuta n'chiyani kuwafotokozera?"

Rakele anamanganso mfundo ya chitenje. "Anandifunsa ngati wantchito, anthu ali pakhonde. Ndinapsa mtima."

"Dzulo m'mawa munawapatsa chiyani amuna anu?"

"Madzi. Tsiku limeneli safuna china."

"Inu munali kuti?"

"Kudoko, kuyanika usipa pathandala mpaka belu lachiwiri. Ndinali ndi amayi ali panjawo. Afunseni, muone ngati akukumbukira."

Nilza anatuluka n'kuwafunsadi, mmodzimmodzi. Ha! Tsiku limenelo amayi onse a pamudzipo anali oiwalaiwala. Wina ankayang'ana zala za kumapazi, wina ati anali ndi mutu, wina ati kudoko kumakhala anthu ambiri. Zinamunyansa Nilza. Komabe sanafulumire kumukhulupirira Rakele, pakuti anali ataonapo akupha ofatsa kuposa ameneyu, ndipo mkazi wosunga mankhwala salephera kukhala ndi ena otsala a miyezi yam'mbuyo.

* * *

A Tomasi anali ogontha khutu limodzi, ndipo monga amachitira ogontha ambiri, ankayankhula ngati akuitana munthu ali patsidya. Nilza anawakokera m'tchalitchi kuti mudzi wonse usamve.

"Mwanangu, ine belu ili ndinayamba kuliimba amako asanakwatiwe," anayamba motero. Nilza ankadana nako kutchedwa mwanangu ali mu yunifolomu, koma anangoluma mlomo. "A Mwalimu ndawaona Lachisanu Loyera lililonse. Mapemphero a maola atatu aja iwo amaima njii, mawu ngati mnyamata. Koma dzulo, aa! Pakati pa kuwerenga, thukuta kamukamu, mkanjo wonse kunyowa. Lilime kuyamba kulemera. Mzere umodzi kuubwereza katatu. Kenako anandikalipira ine pamaso pa mpingo, ati ndaika buku mozondoka. Munthu amene sanandikwezerepo mawu chikhalire!"

"Anthu anati chiyani?"

"Achinyamata kumbuyoko ankatsinana, ati agogo alawa kachasu. Pakamwa pawo! Ndiye a Mwalimu anagwada apa, mutu pabenchi. Ife tinati akupemphera, nafenso tinagwada. Tinagwada, mwanangu, mpaka mawondo kuchita dzanzi. Tinaimba nyimbo ziwiri kuwadikira. Ine ndi amene ndinakawagwira paphewa, iwo n'kungoti khu chammbali."

Nkhalambayo inapukuta maso ndi chikhatho. Nilza anaidikira.

"Asanayambe mapemphero, anadya kapena kumwa kanthu?"

"Kudya? Tsiku limeneli? Ngakhale njere ya mpunga."

"Kumwa?"

"Iyayi. Madzi okha basi." Anaima, n'kukanda kumutu. "Ndi katiyi kaja."

Nilza anasendera pafupi. "Tiyi uti?"

"Nditatsika koimba belu loyamba ndinapeza fulasiki yofiira patebulo la m'vesitiri. A Mwalimu anaitsegula n'kuseka, ati, 'Tomasi, wina akufuna kundiyesa lero.' Analawa, ati mulibe shuga, mulibe mkaka, ndi masamba a mandimu okha, amenewa ndi madzi ndithu, Mulungu sangakwiye. Pakhosi panali pouma ndi kuwerenga kwa sabata yonse. Anamwa makapu awiri."

"Inu munamwako?"

"Anandipatsa, ndinakana. Ine ndikasala ndimasala zenizeni. Koma potsuka kapu ndinaona pansi pake pali zoyera ngati choko. Ndinati mwina ndi madzi a pachitsime chathu, amatero nthawi zina."

"Anabweretsa fulasikiyo ndani?"

"Ndinkayesa akazi awo. Nanga mwamuna amamufulira tiyi ndani?"

"Munawaona?"

"Iyayi, ndinali kubelu ndanena."

"Fulasikiyo ili kuti?"

A Tomasi anatsogola mpaka m'vesitiri muja, n'kuloza patebulo. Chala chinatsala m'malere. Patebulopo panali kandulo ndi mbale ya chopereka basi.

"Inali pompa," anatero, mawu atatsika koyamba. "Pa chipwirikiti chija wina anaichotsa."

Rakele anadzutsa mutu. "Kwathu kulibe fulasiki," anatero. "Yathu inasweka chaka chatha."

Nilza anatembenukira kwa nkhalamba ija. "Pamudzi pano alipo wina wodwala shuga?"

"Mudzi wonse ukumudziwa. Octávio wokonza maboti, kumapeto kwa doko."

* * *

Anawapeza a Octávio atagona chagada pansi pa boti lotembenuzidwa theka, akukhomerera thonje m'ming'alu ndi kachitsulo. Anali munthu wonenepa, wosekaseka, wa Chipwitikizi chambiri pakamwa, chotsalira cha zaka zimene anagwira ntchito m'sitima za ku Beira.

"Epa, polisi yafika! Bondiya, senyora. Ngati ndi za maukonde oletsedwa, ine ndimangokonza maboti."

"Ndabwera za a Mwalimu."

Kuseka kuja kunazima. Anatuluka pansi pa botilo n'kukhala tsonga. "Mnzanga wa shuga ameneyo. Tinkapita limodzi ku ospitali, kukhala benchi limodzi, kunamiza dotolo limodzi kuti nthochi tinasiya."

"Mankhwala anu ndi ofanana?"

"Omwewo, timapiritsi toyera tija. Kuno, senyora, mankhwala timabwerekana ngati mchere. Mvula ikadula msewu, nyanja n'kukwiya, Metangula amakhala kutali ngati Maputo. Ake akatha ndimamupatsa, anga akatha amandipatsa. Purontu, basi, moyo ukupitirira."

"Mwamaliza liti kumubwereka?"

"Dzulo lomweli, m'mamawa. Anabwera mwana wake, ati bambo alibe mankhwala, amayi aja abisa. Ndinati hii, mnzanga asavutike ine ndilipo. Ndikuti tenga limodzi, ati ayi, lero ntchito ndi yaikulu, aima nthawi yaitali kutsogolo, ndipatseni atatu akhale ndi mphamvu. Ndinamupatsa."

"Simunadziwe kuti dzulo a Mwalimu sadya?"

"Ine za kutchalitchi ndinasiya kalekale, masiku onse kwa ine ndi ofa..." Sanamalize. Kachitsulo kaja kanagwa mumchenga. A Octávio nawonso anali atakhala pabenchi ija pamene dotolo ankachenjeza, ndipo Nilza anaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono. "Atatu, m'mimba mopanda kanthu. Mayo ine! Senyora, ndamupha mnzanga?"

"Mwana wake uti? Zeca?"

"Iyayi, Zeca anali panyanja. Wamkulu uja. Joaquina."

Nilza asanatsegule pakamwa, mphepo inabweretsa phokoso la injini, ndi mawu a amuna akuimba nyimbo ya maliro. Kuseri kwa mwala waukulu wa kummwera kunatulukira boti, litadzaza anthu, likubwera mothamanga ndi mafunde.

* * *

Mudzi wonse unakhamukira kudoko. Nilza yekha ndi amene ankathamangira kumtunda, mchenga ukumugwira nsapato.

Joaquina anali m'nyumba ya bambo ake, akutulutsa mipando ndi kuyala mphasa pofikira bokosi. Ankagwira ntchito mwaukali, ngati munthu amene akudziwa kuti akaima agwa. Mu dengu lake, pakhomo, pamwamba pa mbale zimene anabwera nazo kudzathandizira pamaliro, panali fulasiki yofiira yotsukidwa bwino.

"Simunamutengebe?" anatero osatembenuka.

"Ndimutenga. Ndimafuna ndimve kaye kwa inu, poti ndamva kuti bambo anu ankadalira inuyo."

"Nanga akanadalira ndani? Zeca ndi wa panyanja. Uyo ndiye mwamuona."

"Mutaona kuti wabisa mankhwala, munangokhala?"

Joaquina anatembenuka, manja m'chiuno. "Ine kukhala? Mukundiona bwanji? Kutangocha ndinali kwa a Octávio. Bambo ndinkawadziwa, ukawapatsa piritsi m'manja tsiku losala akanati ayi, ndikuswa lamulo. Ndiye ndinasinja ndi supuni, onse atatu, n'kuthira m'tiyi wa mandimu. Shuga sindinaike ngakhale pang'ono, ndinalemekeza kusala kwawo. Ndinakaika m'vesitiri iwo asanafike. Ndipo anamwa! Ndinaipeza fulasiki yapepuka. Chikhala kuti si ine, bwenzi bambo atapita kutsogolo kuja opanda mankhwala m'thupi ngakhale limodzi. Kalembeni zimenezo, a khoti akadziwe amene ankasamala ndi amene ankapha."

Ananena monyadira, chibwano chili m'mwamba. Nilza anali atagwirapo akuba ndi achifwamba osamva chilichonse mumtima, koma apa anamva chisoni. Kudoko kulira kunali kutayamba.

"A Joaquina, khalani pansi."

"Ndili ndi ntchito."

"Khalani pansi, mayi."

Anakhala pamphasa paja, akumuyang'ana mokayikira. Nilza ananjuta patsogolo pake.

"Mapiritsi amenewa si opatsa mphamvu. Ntchito yake ndi kuchotsa shuga m'magazi. Munthu akadya, amachotsa wochulukayo. Akapanda kudya, amachotsa ndi wotsala yemwe, mpaka mutu kuzima. N'chifukwa chake dotolo analamula kuti tsiku losala asamamwe. Rakele sanabise mwa nkhanza. Anatumidwa ndi bambo anu."

"Bodza."

"Dotolo wapeza kuti chawapha ndi mapiritsi. A m'nyumba muno onse alipo, ndawaona."

"Bodza! Wakunyengererani ndi kufatsa kwakeko! Mankhwala a kuchipatala angaphe munthu? Amwa zaka zingati amenewa?"

"Ankamwa limodzi, atadya."

Joaquina anatembenuza nkhope. Maso ake ankayendayenda pakhoma, patebulo, pakhomo pamene panali dengu lija. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono, osakhala ake.

"Zaufa zija?"

"Anali shuga."

"Akanawapaka, bambo akanadzuka?"

Nilza analakalaka kunama. "Sindikudziwa. Mwina akanafika kuchipatala ali ndi mphamvu pang'ono."

Mayiyo anayang'ana dzanja lake lamanja, limene anamenyera lija, n'kulibisa m'khwapa. Sanalire. Ankangogwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, mpweya ukutuluka modukaduka.

Panja panadutsa mapazi ambiri othamanga. Sankabwera kunyumba ya maliro ayi, ankalowera kutchalitchi. Wina anakuwa kuti, "Mtulutseni!" ndipo ena anayankha.

Nilza anamugwira Joaquina mapewa. "Mverani. Ine ndili ndekha pano. Ndikakanena ine, akati polisi ikuteteza mfiti, ndipo akandikankhira kumbali. Mawu amene angamuimitse Zeca ndi anu okha. Mukakhala chete, pofika madzulo pamudzi pano pakhala maliro awiri, ndipo achiwiriwo mukhala mukudziwa."

"Zeca andipha."

"Mwina. Koma uyo amupha ndithu."

Nilza sanadikire yankho. Anatuluka liwiro, osadziwa ngati kumbuyo kukubwera munthu.

Kuseri kwa tchalitchi kunali anthu osapondana. A Tomasi anali atagwetsedwa pansi, akugubuduka m'fumbi kiyi atamufumbata pachifuwa, anyamata awiri akulimbana ndi zala zawo. Ena ankaponda chitseko cha vesitiri, ndipo thabwa limodzi linali litathyoka kale. Zeca anaima pakati, chigubu chili m'manja, chotsekera atachotsa. Fungo la petulo linali ponseponse. Nilza anadzipanikiza mpaka kufika pachitseko n'kuima chotsamira, manja atatambasula.

"Aliyense abwerere m'mbuyo! Rakele sanaphe munthu!"

"Chokanipo, senyora," anatero Zeca, misozi ikutsika osaipukuta. "Sitikufuna kukupwetekani."

Mwala unamenya khoma pafupi ndi khutu lake. Manja anayamba kumukoka malaya. Ndiye kumbuyo kwa gululo kunamveka mawu amene mudzi wonse unazolowera kuwamvera.

"Zeca! Ika pansi chimenecho."

Anthu anapatuka okha. Joaquina ankabwera wopanda duku, wopanda nsapato, fulasiki yofiira ataikumbatira. Anafika n'kuima pakati pa mlongo wake ndi chitseko.

"Achemwali, chokani. Mwanena nokha kuti..."

"Ndinanena. Ndinalakwa." Anakweza fulasiki ija. "Ndine, Zeca. Ndinabwereka mapiritsi kwa a Octávio, ndinasinja, ndinathira umu. Ndimati ndiwapatse mphamvu. Mankhwala aja samwedwa munthu asanadye, ine sindinadziwe. Uyu ankadziwa. Ankabwera ndi shuga kudzawadzutsa, ine n'kumumenya dzanja. Ngati petuloyo ndi wa amene wapha bambo, thira pano."

Kunangoti zii. Ngakhale a Tomasi ogontha aja anamva, pakuti anasiya kugubuduka. Kumapeto kwa gululo a Octávio anali atavula chipewa, akugwedeza mutu kuvomereza kwa aliyense wowayang'ana.

Zeca anayang'ana mlongo wake nthawi yaitali. Chigubu chinatsika pang'onopang'ono mpaka kugunda pansi, iye n'kukhala pambali pake m'fumbi, mutu pakati pa mawondo. Anyamata aja anayamba kusuntha chammbuyo, aliyense akuyang'ana kwina ngati wangodutsa. Mayi wina patsinde pa mango anayankhula motsitsa kuti, kunena zoona, Rakele anali nawo kudoko m'mawa wonse wa dzulo. Nilza anamuyang'ana mayiyo mpaka anawerama.

A Tomasi anadzuka, kudzisansa fumbi, n'kutsegula chitseko.

Rakele anatuluka akuphethira ndi kuwala. Anali atamva zonse kudzera pathabwa lothyoka lija. Anayang'ana chigubu, anayang'ana Zeca, kenako Joaquina, amene tsopano anali atagwada pansi, akuyesa kumugwira mapazi. Rakele sanamukankhe, komanso sanamudzutse. Anatembenukira kwa Nilza.

"Amuna anga ali kuti?"

"Kudoko. Bokosi likadali m'boti."

"Ndingathe kukawalira tsopano?"

Nilza anagwedeza mutu kuvomera. Anthu anapatuka, ndipo Rakele anadutsa pakati pawo yekha, osathamanga. Atafika pamchenga m'pamene mawu ake anamveka, mfuu imodzi yaitali imene inawakhazika pansi amayi onse aja.

Nilza anakhala pachitsa cha a Tomasi, pafupi ndi Joaquina, n'kumulanda fulasikiyo mofatsa.

"Munditenga lero?" anafunsa Joaquina, nkhope ili pansi.

"Mukatha kuika bambo anu m'manda," anatero Nilza. "Ndikudikirani."